Mbalame Siyimba Pabwalo la Milandu

Mwa mabuku a Chichewa amene adalera ophunzira a mibadwo ingapo m'dziko muno, buku la John Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe ndi limodzi mwa osaiwalika. Nkhani yake njodziwika. Anyamata awiri apachibale adapita kutali kukafuna chuma, ndipo pobwerera Gwenembe adapha mbale wake panjira, popanda munthu woona, kuti chumacho chikhale chake. Adayesa kuti zathera pomwepo. Koma padabwera mbalame imene idamulondola, ikuimba za imfa ya Sikusinja, mpaka nkhaniyo idagwa m'makutu a anthu kumudzi. Wowerenga amatseka bukuli mtima uli m'malo, poti choipa chatsata mwini.

Pali chinthu chimodzi chimene sitichilabadira tikamakondwera ndi mathero otere. Kodi mbalame ija timaikhulupirira chifukwa chiyani? Palibe adaifunsa kumene idatera pa tsikulo. Palibe adafufuza ngati idali pa udani ndi Gwenembe, kapena ngati wina adaiphunzitsa nyimboyo. Timaikhulupirira chifukwa nafenso tidaona. Mlembi adatigwira padzanja, natibisa kuseri kwa chitsamba, ndipo zonse zidachitika ife tikupenya. Pamene anthu a m'mudzi akuyamba kumva nyimbo, ife owerenga takhala tikudziwa kale. Motero chigamulo cha m'nkhani yotere sichingaphonye, pakuti amene adalenga mlanduwo ndi yemweyo adalenga mboni, ndi yemweyonso adalenga bwalo.

Woweruza weniweni alibe mwayi umenewu. Mfumu ya kwa Mpama, kwa Kadewere kapena kwa Likoswe ikakhala pansi pa mtengo kuti imve za mbuzi zobedwa, kukhola kuja usiku sidaliko. Woweruza wa kukhoti la pa boma la Chiradzulu naye sadaliko. Chimene ali nacho ndi mawu a anthu, ndipo anthu amaiwala, amaona mwachimbuuzi, amaopa, ena amanama. Apa ndipo pagona kusiyana kwa bwalo la m'nkhani zopeka ndi bwalo la anthu amoyo. Vuto limayamba pamene tatuluka m'buku koma mtima wa wowerenga uja tapita nawo kumsika, n'kumaweruza anzathu ngati kuti tidali kuseri kwa chitsamba, chikhalirecho tidangomva za m'maluwa.

Nthano ina imene ana ambiri adaimvera pamoto imaonetsa bwino maganizo amenewa. Mayi adasiya ndiwo mumphika, pobwera kumunda n'kupeza zadyedwa. Ana onse adakana. Tsono mayiyo adamanga chingwe kuchokera tsidya lino la mtsinje kukafika tsidya lina, nalamula kuti mwana aliyense awoloke pachingwepo akuimba. Osalakwa adawoloka bwinobwino. Wakubayo chingwe chidamudukira, namira. M'nthanoyi madzi ali ndi nzeru, chingwe chili ndi maso. Chilengedwe chenichenicho chimadziwa wolakwa, ndipo ntchito ya anthu n'kungomuika pamalo oti chimuloze. Koma taonani amene wasenza katundu. Mayi, amene ndiye wodandaula, sakusowa kuonetsa kanthu kalikonse. Mwana aliyense, ngakhale amene adaswera kudambo tsiku lonse, ayenera kuika moyo wake pachingwe kuti adziyeretse. Onse ngolakwa kufikira atafika tsidya.

Makolo athu adali nacho chingwe chawochawo, ndicho mwavi. Khungwa la mtengo wa mwavi ankalisinja n'kulisungunula m'madzi, ndipo woganiziridwa ufiti kapena mlandu wina wobisika ankamwa pamaso pa anthu. Wosanza ankayesedwa wosalakwa, ndipo abale ake ankalulutira. Wakufa ankayesedwa mfiti, osalandira ngakhale maliro aulemu. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Tisafulumire kuwaseka anthu akalewo. Adali pa vuto lomwelo limene oweruza a lero ali nalo, la mlandu wopanda mboni yoona ndi maso, ndipo ambiri oimbidwa mlandu ankachita kuupempha okha mwaviwo, pokhulupirira ndi mtima wonse kuti suphonya. Komabe khungwa silidziwa mbiri ya munthu. Chimene chinkagamula chidali mphamvu ya thupi la womwayo ndi dzanja la mapondera, amene ankadziwa kuchuluka kwa zimene wathira. Boma la atsamunda lidaletsa mwavi ndi lamulo la za ufiti la chaka cha 1911, lomwe lidaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mwaviwo udazilala, koma maganizo ake oti wolozedwa chala adziyeretse yekha sadazilale nawo.

Mfundo yotsutsana ndi maganizo amenewa idalembedwa m'gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi, amene adayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994. Gawoli limati munthu woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woyesedwa wosalakwa, ndi ufulu wokhala chete pozengedwa mlanduwo, ndiponso kuti womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Mfundo yomweyi ili m'ndime 11 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha United Nations cha 1948, ndi m'ndime 7 ya pangano la maiko a mu Africa la 1981. Ophunzira ambiri amaimva molakwika, ngati kuti lamulo likuti wogwidwayo ngoyera mtima. Lamulo silinena zimenezo. Likungoyankha funso loti katundu wa umboni asenze ndani, ndipo yankho lake nlakuti asenze woimba mlandu. Akalephera kufika naye, woimbidwayo apite kwawo, ngakhale atakhala kuti sadatsekule pakamwa.

Mlandu umene udakhazika mfundoyi poyera m'malamulo a Angerezi, amene makhoti athu adatengerako zambiri, ndi wa Reginald Woolmington. Iyeyu adali mnyamata wogwira ntchito pafamu ku England, ndipo mu Disembala 1934 adaombera mkazi wake, Violet, amene adali atamuthawa kubwerera kwa amake. Mnyamatayo sadakane kuti mfuti idali m'manja mwake. Adati idalira mwangozi pamene ankafuna kuopseza mkaziyo kuti adzipha yekha akapanda kubwerera. Woweruza adalangiza anthu wamba othandiza kugamula mlandu kuti, poti imfa yachitika ndi dzanja lake, zili kwa iye kutsimikiza kuti idali ngozi. Adagamulidwa kuti anyongedwe. Koma mu 1935 bwalo la House of Lords lidaphwanya chigamulocho, ndipo Lord Sankey adayerekeza udindo wa boma wotsimikiza mlandu ndi ulusi wagolide woyenda m'nsalu yonse ya malamulo. Onani kuti bwalolo silidanene kuti Woolmington adanena zoona. Mwina adanama. Lidangoti si iye woyenera kuwoloka pachingwe.

Mfundoyi ili ndi mtengo wake, ndipo kungakhale kunamiza ophunzira kuubisa. Mayi wamasiye amene mbuzi zake zidabedwa, amene mumtima mwake akumudziwa wakubayo, angathe kumuona akutuluka m'khoti akumwetulira chifukwa umboni udaperewera. Kwa mayiyo, mawu a William Blackstone, katswiri wa malamulo wa zaka za m'ma 1760, oti nkwabwino olakwa khumi apulumuke kusiyana ndi kuti wosalakwa mmodzi azunzike, sabweza mbuzi ngakhale imodzi. Ndi chifukwa chake ena amati mfundoyi njachizungu, yoteteza mbava, ndipo kwathu kuno mlandu unkatha tsiku lomwelo. Maganizo amenewa ngofunika kuwayankha mofatsa, ndipo mlembi amene amatithandiza kuwayankha ndi Chinua Achebe.

M'buku lake la Things Fall Apart, lotuluka mu 1958, Achebe adaika mabwalo awiri kuti wowerenga awayerekeze yekha. Loyamba ndi la anthu a ku Umuofia, pamene oweruza ndi mizimu 9 yovala zigoba, yoimira midzi 9 ya fukolo. Uzowulu akudandaula kuti alamu ake adamulanda mkazi wake, Mgbafo, pamodzi ndi ana. Mizimuyo, ngakhale anthu amaiopa, sigamula pongomva mbali imodzi. Ikupatsa mpata Odukwe, mlongo wa mkaziyo, kuti ayankhe, ndipo iye akufotokoza za nkhanza za mwamunayo. Kenaka ikuitana mboni, anthu oyandikana nyumba ndi Uzowulu, amene akuvomereza kuti ankamenyadi mkazi wake. Itatero ikupita padera kukakambirana, n'kubwera ndi chigamulo. Aliyense amene adakhalapo pabwalo la mfumu kwathu kuno azindikira dongosolo limeneli: wodandaula, woyankha, ankhoswe, mboni, nduna zofunsa mafunso, ndi upo wa akuluakulu. Chodabwitsa nchakuti ngakhale mizimu, imene tikadayembekezera kuti imadziwa zonse, ikufuna mboni. Achebe sadaipatse mbalame yoimba.

Bwalo lachiwiri ndi la bwanamkubwa wachizungu wa m'bomalo. Tchalitchi chitagwetsedwa, iye akuitana atsogoleri 6 a fukolo, Okonkwo ali pomwepo, ngati kuti akufuna kumva mbali yawo. Mmodzi wa iwo atangoyamba kufotokoza, onse akumangidwa maunyolo. Chilango nchokonzeratu: matumba 200 a zigoba za ndalama, amene amesenjala akuwakweza kufika 250 kuti otsalawo akhale awo, ndipo mudzi wonse ukusonkha. Amene adabwera ndi malamulo olembedwa ndi yemweyo akugamula asanamve. Achebe sakuti kale zonse zidali bwino. M'buku lomwelo mnyamata Ikemefuna akuphedwa wopanda tchimo lililonse, chifukwa cha mlandu wa anthu a kwawo. Chimene akuonetsa nchakuti kumva mbali zonse kudalipo kale pakati pa anthu akuda, ndipo kuweruza mosamva kudapezekanso pakati pa azungu.

Zimene Achebe adapeka, anthu a ku Chiradzulu adaziona ndi maso mu 1915. Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale, amuna otsatira Mbusa John Chilembwe adanyamuka ku Mbombwe, kumene kudali mishoni yake ya Providence Industrial Mission kuyambira mu 1900. Ena adalunjika ku Magomero, kulikulu la minda ya A. L. Bruce Estates, ena ku Mandala, mu Blantyre, kukafuna mfuti. William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo, adaphedwa pamodzi ndi azungu ena awiri, ndipo pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi idatenthedwa. Zimenezi zidachitikadi, ndipo padali anthu odziwika amene adazichita. Funso lathu si lakuti kuukirako kudali koyenera kapena ayi; za thangata ndi nkhanza za m'mindamo zidalembedwa mokwanira. Funso lathu ndi la momwe boma lidasiyanitsira wochita ndi wosachita.

Yankho nlakuti kawirikawiri silidasiyanitse. Chilembwe mwini wake sadaime pabwalo lililonse, pakuti adaomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, pafupi ndi malire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 adaphedwa molamulidwa ndi boma atazengedwa milandu mwachangu, mwa iwo John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, ndipo ena pafupifupi 300 adaikidwa m'ndende. Tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe chidaphwasulidwa ndi zophulitsira. Nyumba zambiri m'midzi zidatenthedwa, ndipo anthu a m'madera okhudzidwa adalipitsidwa masheleni 4 aliyense, osafunsa ngati munthuyo adagwirako mkondo kapena adali mtulo usikuwo. Apa nkhuyu zodya mwana zidapota mudzi wonse. Elliot Kamwana, mlaliki wa ku Nkhata Bay amene boma linkamukayikira kale, adatengedwa osazengedwa mlandu kupita ku Mauritius, kenaka ku Seychelles, ndipo adabwerera kwawo mu 1937. Bungwe lofufuza chiyambi cha kuukirako lidamva umboni wa anthu ambiri, akuda ndi azungu, nkutulutsa lipoti lake mu 1916, ambiri mwa ogamulidwa aja ali kale m'manda. Umboniwo udasonkhanitsidwa ndi John McCracken m'buku la Voices from the Chilembwe Rising la 2015. Powerenga, munthu amaona kuti mafunso oyenera adafunsidwa ndithu, koma adafunsidwa chilango chitaperekedwa kale.

Tikadakonda kunena kuti zimenezi zidapita ndi atsamunda, koma mbiri siyilola. Kuyambira mu 1968 mpaka 1970 anthu pafupifupi 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi m'madera ena a mu Blantyre. Mantha adagwira mzinda wonse, ndipo kudabuka mphekesera yoti magazi a ophedwawo akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole za boma. Mu 1969 amuna 5 amene adaimbidwa umodzi wa milanduyi adamasulidwa ndi Bwalo Lalikulu chifukwa umboni sudakwane. Anthu adakwiya, ndipo boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidakwiya koposa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo kuti makhoti a miyambo azizenga milandu ya kupha munthu, ndipo pambuyo pake adapatsidwanso milandu youkira boma. Oweruza ambiri m'makhotiwa adali mafumu, woimbidwa mlandu sankaloledwa loya, ndipo apilo sinkapita ku Bwalo Lalikulu koma ku khoti linanso la miyambo. Oweruza 4 achizungu a Bwalo Lalikulu adatula pansi maudindo awo. Kuphana kuja kudapitirira mpaka mu Malichi 1970, pamene Walla Laini Kawisa adagwidwa.

Mawu oti miyambo adagwiritsidwa ntchito mochenjera. Bwalo la mfumu la kumudzi lidali la anthu odziwana, lofuna kuyanjanitsa, ndipo mfumu yokondera inkathawidwa ndi anthu ake. Makhoti atsopanowa adali ndi chingwe chonyongera, ndipo amene ankasankha oweruza ake ndi boma lomwelo limene linkaimba milandu. Chitsanzo chowawa ndi mlandu wa Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, ndi Focus Gwede, mkulu wa nthambi yapadera ya polisi, amene adamangidwa mu 1976 powaganizira kuti akufuna kugwetsa boma. Khoti lidalandira makalata opanda maina a owalemba ngati umboni, potsamira pa mwambi woti utsi sufuka popanda moto. Muwalo adanyongedwa mu 1977, Gwede nakhala m'ndende mpaka 1993. Anthu awiriwa adali atatsekeretsa anzawo ambiri popanda mlandu, ndipo si ambiri adawalira. Koma mpamenenso mfundo yathu imayesedwa, chifukwa kuyesa wosalakwa munthu amene timamukonda sikufuna lamulo.

Mwambi wa utsi uja tiyeni tiuunike monga tiunikira ndakatulo. Mwambi ndi fanizo, ndipo fanizo lili ndi malire ake. Nzoona kuti pofuka utsi pali moto. Koma utsi sunena amene wakoleza. Mwina wakoleza ndi yemwe uja wathamanga kukauza mfumu kuti kwafuka utsi. Kalata yopanda dzina ndi utsi ndithu, koma moto wake ungakhale nsanje ya woilemba. Ndiponso si chilichonse chokwera m'mwamba chili utsi: amene adakulira m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu adziwa kuti nkhungu ya m'mawa, m'mwezi wa Juni, imaoneka ngati tchire likupsa. Mwambiwu ngothandiza kwa wofufuza, pakuti umamuuza kuti apite akaone. Ukafika m'kamwa mwa woweruza usanduka chigamulo chopanda umboni. Akuluakulu omwewo amene adatisiyira mwambiwu adatisiyiranso wina woti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndi winanso woti mlandu suwola. Ngati suwola, palibe chifukwa chouphikira mothamanga. Khoti limene lidasankha mwambi umodzi n'kusiya inayo silidatsate mwambo. Lidatola mwambi woyenerana ndi chigamulo chimene lidali nacho kale.

Njira yomweyi idatsatidwa pa mlandu wa Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, onse awiri akatswiri a malamulo. Orton ndiye adali mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress mu 1959, ndiponso nduna ya za chilungamo mu 1964. Adagwidwa pa 24 Disembala 1981. Iwo adati adabedwa ali m'dziko la Zambia, boma lidati adalowa okha m'Malawi. Adazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la miyambo la chigawo cha kummwera, opanda loya, osaloledwa kuitana mboni zawo za kunja, ndipo mu Meyi 1983 adagamulidwa kuti aphedwe. Khoti la apilo la miyambo lidaona zolakwika m'kazengedwe ka mlanduwo, komabe mu 1984 lidasunga chigamulocho. Chilango chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, Vera natulutsidwa mu Januwale 1993, chaka chimene makhotiwa adaimitsidwa.

Awa adaonako bwalo, ngakhale lokhota. Ena sadalione nkomwe. Sam Mpasu adalemba nthano yaitali yotchedwa Nobody's Friend, ndipo mu 1975 adatsekeredwa kwa zaka ziwiri osazengedwa mlandu. Nkhani idali ya papepala, koma ndende ya Mikuyu idali ya njerwa. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala m'ndende yomweyo kuyambira mu Sepitembala 1987 mpaka mu Meyi 1991, osauzidwa pabwalo lililonse chimene adalakwa. Amene adawerenga The Trial, buku la Franz Kafka lotuluka mu 1925, adazindikira nkhani imeneyi. Mwininkhani wake, Josef K., kalaliki wa kubanki, akumangidwa m'mawa wina osauzidwa mlandu. Chaka chathunthu akuyendayenda m'maofesi a khoti, kufunsa maloya ndi ena odziwa njira zake, ndipo potsiriza amuna awiri akumutengera kumalo okumba miyala n'kumupha ndi mpeni.

Luso la Kafka nlotsutsana ndi la nthano ya mbalame. Iye sakutibisa kuseri kwa chitsamba chilichonse. Sakutionetsa tchimo, sakutionetsanso umboni woti tchimo palibe. Tsono chimachitika nchiyani mumtima mwa wowerenga? Pofika pakati pa buku amayamba kufunafuna cholakwa cha Josef K. Amaona kuti munthuyu ngodzikuza, ngokonda akazi, salemekeza anthu a pansi pake, ndipo amayamba kuganiza kuti mwina pali chimene adachita, apo ayi sakadamugwira. Apo wowerenga wagwa m'mbuna imene mlembi adakumba. Wayamba kuganiza monga khoti lija liganizira, kuti kugwidwa kwenikweniko ndiwo umboni. M'zaka za chipani chimodzi maganizo omwewa ankamveka m'midzi ndi m'maofesi munthu akatengedwa usiku: boma silingangomutenga chabe. Pa chifukwa chimenechi ndiyesa buku la Kafka, ngakhale nlovuta ndi losautsa kuwerenga, mphunzitsi wabwino wa nkhaniyi kuposa nkhani zonse zimene wolakwa amaululika pa tsamba lomaliza.

Sikuti nthano zathu zilibe nzeru imeneyi. Ili m'nthano za Kalulu, koma timaiphonya chifukwa cha kuseka. Pali ija imene Kalulu amaba chakudya cha mfumu usiku, n'kupaka zotsala pakamwa pa mnzake ali mtulo. Wopakidwayo amasintha malinga ndi wosimba, ena amati Fisi, ena nyama ina. Kukacha nyama zonse zimaona umboni ndi maso awo, pakamwa pali mbuu, ndipo wosalakwayo amalangidwa Kalulu akuombera m'manja. Apanso wosimba watiika kuseri kwa chitsamba, koma ulendo uno kuti tione bwalo likuphonya. Umboni ulipo, ngooneka, ngogwirika, koma nkhani imene ukusimba njabodza. N'chimodzimodzi ndi malaya a Yosefe m'dzanja la mkazi wa Potifara, m'chaputala 39 cha Genesis: malayawo adalidi a Yosefe, ndipo adawasiyadi m'nyumbamo, koma adawasiya pothawa tchimo limene adamangidwira. Pophunzira nthano ya Kalulu m'kalasi timakonda kufunsa za khalidwe la Kalulu, n'kuyankha kuti ngochenjera kapena ngwachinyengo. Funso lopindulitsa nlokhudza nyama zinazo. Kodi ndani adafunsa wopakidwayo kumene adagona? Ndani adadabwa kuti wakuba wanzeru angagone osasamba pakamwa? Ndani adaona kuti woyamba kuloza chala ndi Kalulu? Mpangankhani wofunika kumuunika m'nthanoyi ndi khamu.

Malamulo a 1994 sadathetse zonse tsiku limodzi. Lamulo la vakabu, limene tidalandira kwa atsamunda, lidapitirira kulola wapolisi kumanga munthu wopezeka pamsewu pa nthawi yokayikitsa, ngakhale asanachite kanthu. Amene ankagwidwa nalo adali oyenda pansi, monga amalonda olawirira kumsika, osati oyenda pagalimoto. Mu Malichi 2015 wamalonda wina wogulitsa majumbo, Mayeso Gwanda, adamangidwa mbandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa malonda ake. Iye adakatsutsa lamulolo, ndipo pa 10 Januwale 2017 Bwalo Lalikulu lidagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu ya upandu nlosemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Chigamulochi chimakhudza mayi aliyense wa ku Njuli kapena ku Mbulumbuzi amene amadzuka tambala woyamba, dengu la tomato pamutu, kuti akapeze malo pamsika wa Limbe.

Chaka chomwecho cha 2017, kuyambira mu Sepitembala, mphekesera ya magazi ija ya ku Chilobwe idabweranso ndi dzina la anamapopa. Idayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe, nifalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Nsanje mpaka mu Blantyre. Anyamata adatseka misewu usiku, akuimitsa magalimoto ndi kusecha zikwama. Mlendo wosadziwika, munthu wodwala misala, wachuma wa m'mudzi, aliyense wa awa ankafunsidwa kuti atsimikize kuti si wopopa magazi, chinthu chimene palibe munthu angathe kutsimikiza, monga mmene palibe angatsimikize kuti si mfiti. Pofika kumapeto kwa Okutobala anthu osachepera 9 adali ataphedwa ndi makamu, ndipo United Nations idachotsa antchito ake ena m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Aliyense m'makamu amenewo adali wotsimikiza ngati wowerenga wa Sikusinja ndi Gwenembe, koma ukamufunsa amene adaona, ankaloza mnzake, mnzakeyo n'kuloza wina wa mudzi wa patsidya.

Apolisi adamanga anthu oposa 100 powaganizira kuti adatenga mbali m'zipolowezo. Mwa iwo mudali amene adaponyadi miyala, ndipo mosakayika mudalinso amene adangoima chapatali kuonerera, kapena amene adatchulidwa ndi mnansi wosungira chakukhosi. Abale a ophedwa adali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti onsewo alangidwe msanga. Koma gawo 42 lija lidafunikanso kugwira ntchito pa iwowa, amene ena mwa iwo sadapatse anzawo ngakhale mphindi imodzi yoyankhira: kuti afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kuti auzidwe mlandu wawo m'chiyankhulo chimene amamva, ndi kuti boma litsimikize za munthu aliyense payekha, ndi mboni zotchula dzina lake, kuti mwala udachokeradi m'dzanja lake.